Kuphunzira Nchito Pamaso pa Woyang'anira

Lero tikamba za nchito ina ya ku Amereka imene ambiri a ife sitinamvepo dzina lace. Mwini nchitoyo m'Cingerezi amchula kuti behavior analyst, ndipo m'cinenero cathu tingati katswiri wosanthula makhalidwe. Munthu ameneyu sapereka mankhwala, sabaya jekeseni, ndiponso sang'amba wodwala. Nchito yace ndiyo kupenyetsetsa zimene munthu acita, kufufuza cimene cimcititsa, ndi kumphunzitsa njira ina yabwino yopezera cimene afuna.

Ambiri amene athandizidwa ndi akatswiri awa ndi ana a vuto lochedwa autism, ndiye kuti ana amene acedwa kulankhula kapena salankhula konse, avutika kuceza ndi anzao, ndipo ena a iwo adzipweteka okha. Akatswiriwa athandizanso akulu olumala m'nzeru, aphunzitsi a m'masukulu, ngakhalenso eni mafakitale ofuna kuti anchito ao azipewa ngozi. Koma mutu wa nkhani yathu ndiwo njira imene munthu ayenda kufikira alandira setifiketi ya nchitoyi. Pakuti ngakhale munthu apambane mayeso onse a pa yunivesite, setifiketi saiona kufikira atagwira nchito maora ambiri-mbiri pamaso pa woyang'anira.

Inu a ku migodi zimenezi simuzidabwa. Munthu sapatsidwa laisensi yophulitsa miyala cifukwa ca kuwerenga buku lokha iai. Ayamba watsika pansi, nagwira nchito pambali pa amene ali nayo kale laisensi, kufikira akulu akhutira kuti sadzapha anzace. Wosanthula makhalidwe sagwira dainamaiti, komabe cimene aikizidwa m'manja mwace n'cosacedwa kuonongeka, ndico mwana wa eni amene nthawi zina sangathe n'kunena komwe kuti wacitidwa coipa.

NCHITO YENI-YENI

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina pali mnyamata wa zaka 6 amene agunditsa mutu pa tebulo nthawi zonse akapatsidwa nchito yolemba. Mphunzitsi, pomva cifundo, amlanda pensulo namuuza kuti akapumule panja. Mawa lace zicitika comwecho, ndi mkuja womwe. Mphunzitsiyo aganiza kuti ali kutonthoza mwana, osadziwa kuti ali kumphunzitsa kuti kugunda mutu ndiyo mfungulo yotsegulira citseko ca kalasi.

Katswiri akafika pamenepo sayamba ndi kudzudzula kapena kulangiza. Akhala pambali ndi pepala nalemba zinthu zitatu: cimene cinatsogola, cimene mwana anacita, ndi cimene cinatsata pambuyo. Awerenga kuti mwana wagunda mutu kangati pa tsiku, ndipo ziwerengerozo azijambula pa pepala la mizere kuti aone ngati zikwera kapena zitsika. Afunsanso makolo ngati dokotala anamuona mwanayo, pakuti mwana wina agunda mutu cifukwa ca khutu kapena dzino lowawa, ndipo wotereyo afunika cipatala. Akatsimikiza kuti mwana ali kuthawa nchito yolemba, amphunzitsa kupempha mpumulo ndi mau, kapena ndi kacithunzi ngati salankhula. Afupikitsa nchito yolembayo, ndi kumaionjezera pang'ono-pang'ono.

Pozifotokoza cotere zioneka zapafupi, koma pali msampha. Kawiri-kawiri khalidwe likaleka kubala cimene linali kubala, liyamba lakula lisanatsike, monga munthu agogoda kwambiri pa citseko cimene masiku onse cimatseguka msanga. Wophunzira nchito akaona mwana ali kugunda mutu koposa dzulo acita mantha namlola kutuluka, ndipo potero wamphunzitsa kuti kugunda kwamphamvu ndiko kuthandiza. Wina aumirira osatchinjiriza mutu wa mwana, mwana napweteka. Buku licenjeza za zonsezi, koma kudziwa pa mphindi yomweyo coyenera kucita ndi manja, munthu akuphunzira pokhala ndi wina amene anazionapo kambiri.

CIMENE CINABALA MALAMULO

Maziko a maphunzirowa anaikidwa ndi B. F. Skinner, amene buku lace loyamba pa nkhani ya makhalidwe linatuluka mu 1938. Mu 1968 akatswiri anayamba kusindikiza magazini yao yochedwa Journal of Applied Behavior Analysis, yofotokoza m'mene nzeruzi zithandizira anthu m'masukulu ndi m'zipatala. Koma masiku amenewo munthu ali yense akanatha kunena kuti adziwa kukonza makhalidwe, popanda womfunsa kumene anaphunzira.

Mu 1972 kunamveka mbiri yocititsa manyazi ku Sunland Training Center, malo a boma osungirako olumala m'nzeru mu mzinda wa Miami, m'dera la Florida. Anyamata okhala kumeneko anali kumenyedwa ndi thabwa, kutsukidwa m'kamwa ndi sopo, kumanidwa cakudya ndi kunyozedwa pamaso pa anzao, ndipo zonsezi zinali kuchedwa njira yokonzera makhalidwe. Akatswiri amene anatumidwa kukafufuza anapeza kuti anchito sanali kubisa kanthu: zilangozo anali kuzilemba m'mabuku a tsiku ndi tsiku, poyesa kuti ali kucita monga mwa ciphunzitso. Panalibe wodziwa nchito woimirira pambali pao ndi kunena kuti, Lekani, izi n'zankhanza.

Zitatero, boma la Florida linaika makomiti oyang'anira nchito yotere, ndipo pambuyo pace linayamba kuyesa mayeso ndi kupereka masetifiketi. Pa maziko amenewo, mu 1998, Gerald Shook ndi anzace anakhazikitsa bungwe lochedwa Behavior Analyst Certification Board, mwacidule BACB, limene likulu lace lili ku Littleton m'dera la Colorado. Bungwe limeneli ndilo lipereka setifiketi yochedwa BCBA, ndipo ndilo liika malamulo amene tifotokoza tsopano. Ziwerengero zimene ticula ndi za malamulo amene anayamba pa 1 January 2022. Zosinthika za 2027 tizinena kumapeto.

KUWERENGA MAORA

Wofuna setifiketi ya BCBA ayenera kukhala ndi zinthu zitatu asanaloledwe kulemba mayeso: digiri yaciwiri ya pa yunivesite, imene aichula master's, maphunziro a m'kalasi a kusanthula makhalidwe, ndi maora a nchito yoyang'aniridwa. Pa maorawo pali njira ziwiri. Njira yaitali ifuna maora 2,000. Njira yaifupi ifuna maora 1,500, koma woyang'anira akhala pafupi kawiri kuposa pa njira yaitali. Kuti tione kukula kwace, maora 2,000 alingana ndi mashifiti 250 a maora 8.

Maorawa sawerengedwa cisawawa. Pa mwezi umodzi wophunzira saloledwa kulemba maora ocepera 20 kapena opitirira 130. Malire a pansi aletsa munthu kumangolawa nchito mwa apo ndi apo, kufikira aiwala mwezi uno zimene anaphunzira mwezi watha. Malire a pamwamba aletsa wothamanga amene afuna kuunjika maora usana ndi usiku kuti amalize msanga, pakuti kuthamanga si kufika. Potero ngakhale wacangu cotani sangatsirize njira yaitali isanakwane miyezi 16, kapena njira yaifupi isanakwane miyezi 12.

Palinso malire a zaka. Maora onse ayenera kukwanira m'kati mwa zaka 5 zotsatana. Taonani tsono: munthu amene agwira maora 20 okha mwezi ndi mwezi, pakutha pa miyezi 60 adzakhala ndi maora 1,200, ndipo adzaperewera. Wofuna kukwanitsa maora 2,000 m'zaka zisanuzo ayenera kugwira maora ngati 34 pa mwezi, osadumphitsa.

Pansi pa BCBA pali makwerero ena awiri. Wothandizira wace, wochedwa BCaBA, akhala ndi digiri yoyamba ndipo afunika maora 1,300, kapena 1,000 pa njira yaifupi. Pansi peni-peni pali RBT, amene aphunzira maora 40 ndi kuyesedwa, ndipo ndiye akhala ndi mwana tsiku ndi tsiku. Awiri amenewa sagwira nchito paokha. Ayang'aniridwa masiku onse a nchito yao. Nkhani iyi muisunge, pakuti tibwererako.

GAWO LA WOYANG'ANIRA

Pa njira yaitali, maora 5 pa maora 100 ali onse ayenera kukhala a pamodzi ndi woyang'anira, ndipo awiriwo akomane kosacepera kanai pa mwezi. Pa njira yaifupi ndi maora 10 pa 100, ndipo akomane kosacepera kasanu ndi kamodzi. Ciwerengero cimeneci cionedwa mwezi uli wonse paokha. Munthu sanganene kuti, Mwezi uno woyang'anira wanga watanganidwa, tidzabwezera mwezi wa mawa. Mwezi umene gawo la woyang'anira laperewera, maora ace acepetsedwa kapena atayika onse, ngakhale wophunzira anakhetsa thukuta lotani.

Ndiponso kukomana kokha sikukwanira. Mwezi uli wonse woyang'anira ayenera kupenya wophunzira ali pa nchito ndi munthu wothandizidwayo, kosacepera kamodzi. Angabwere yekha, angapenye pa vidiyo nthawi yomweyo, kapena angaone cojambulidwa pambuyo pace. Lamulo ili lili ndi nzeru. Wophunzira akamasimba yekha za nchito yace asimba zimene iye anaona, koma colakwa cace cacikulu ndico cimene sanacione. Sadziwa kuti acedwa kuyamika mwana kufikira mwanayo waiwala cimene ayamikidwira. Sadziwa kuti aima pafupi kwambiri ndi mwana woopa kukhudzidwa, kapena kuti alankhula ndi makolo m'mau a m'mabuku amene iwo sawamva. Diso la wina ndilo liona zimenezi.

Ophunzira angakomane ndi woyang'anira m'gulu, koma gulu lisapitirire anthu 10, ndipo theka la maora oyang'aniridwa, kapena koposa, likhale la awiri okha. M'gulu munthu aphunzira pa zolakwa za anzace, koma wamanyazi abisala kumbuyo osafunsa kanthu, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Pokhala awiri palibe pobisala.

NCHITO ZA MITUNDU IWIRI

Pano pali lamulo limene lidabwitsa ambiri. Tingaganize kuti maora abwino koposa ndiwo amene wophunzira akhala pa mphasa ndi mwana, kumphunzitsa mau kapena kuvala malaya. Koma bungwe linena kuti nchito yotere, yotsata dongosolo limene wina analemba kale, isapitirire magawo 40 pa 100. Pa maora 2,000 ndiye kuti maora 800 okha. Maora otsala 1,200 akhale a nchito ya mtundu wina: kufufuza cimene cicititsa khalidwe, kulemba dongosolo la ciphunzitso, kusanthula ziwerengero, kuwerenga zimene akatswiri ena anapeza pa vuto longa lomwelo, kukambirana ndi makolo, ndi kuphunzitsa anchito ena.

Cifukwa cace tacichula kale. Tsiku limene munthu alandira setifiketi ya BCBA, iye ndiye asanduka wolemba dongosolo ndi woyang'anira a RBT amene akhala ndi ana. Munthu angakumbe mwala zaka khumi nakhala wokumba wodziwa, koma ukapitao ufuna nzeru zina: kudziwa pokumba, kuona denga lofuna kugwa, ndi kugawira anthu nchito. Pakadapanda lamulo ili, olemba anchito akadasunga ophunzira pa nchito ya tsiku ndi tsiku, imene ibweretsa ndalama, maora onse 2,000, ndipo akadatuluka akatswiri a dzina lokha, osalembapo dongosolo ngakhale limodzi.

Si ora lonse la pa nchito limene liwerengedwa. Kusesa cipinda, kulemba makalata olipiritsa, ndi kukhala pa msonkhano umene sukamba za makhalidwe, zonsezi ndi nchito ndithu, koma m'buku la maora sizilowa.

WOYENERA KUYANG'ANIRA NDANI

Kawiri-kawiri woyang'anira ndiye munthu amene ali nayo kale setifiketi ya BCBA, wopanda cilango ca bungwe pa dzina lace, ndipo anacita maphunziro a maora 8 a kayang'aniridwe. Ngati caka sicinathe cilandirire setifiketi yace, iyenso ayenera kukhala ndi mkulu womlangiza mwezi ndi mwezi. Kudziwa nchito ndi kudziwa kuphunzitsa nchito ndi zinthu ziwiri.

Woyang'anira asakhale mbale wa wophunzira, asakhale wanchito wace, kapena wa pansi pace pa nchito. Cifukwa cace n'cosabisika: n'kovuta kuuza mlamu wako, kapena munthu amene akulipira pa kutha kwa mwezi, kuti nchito yace siinakome. Komabe wophunzira aloledwa kulipira woyang'anira cifukwa ca kuyang'anirako, ndipo ena atero pamene pa malo ao a nchito palibe katswiri. Momwemonso wophunzira sangawerenge maora amene anathandiza mwana wace kapena mbale wace.

Ora loyamba lisanawerengedwe, wophunzira akhale atayamba maphunziro a m'kalasi, ndipo awiriwo asaine pangano lolembedwa. Panganolo linena udindo wa ali yense, nchito zimene zidzawerengedwa, ndi zifukwa zimene woyang'anira angakanire kusaina maora. Mwezi uli wonse asaina cikalata ca maora a mweziwo, usanathe mwezi wotsatira. Pomaliza asaina cikalata cacikulu ca maora onse. Zikalatazi onse awiri azisunga zaka 7, pakuti bungwe lingaziitanitse kuti lizifufuze. Wophunzira wocenjera sasiya mwezi upite wosasainidwa, cifukwa woyang'anira angasamuke kapena kuleka nchito, ndipo maora opanda umboni ali ngati ngongole yopanda mboni.

Dzina la woyang'anira pa cikalata ndi mau olemera. Posaina anena kwa makolo amene sadzawaona konse kuti, Munthu uyu ndinamuona ali pa nchito. Wosaina osapenya anamiza makolo amenewo.

MAORA SATHETSA ZONSE

Tisaganize kuti ciwerengero ca maora cokha cipanga munthu wabwino. M'zaka zapitazi akulu ena a autism, amene anaphunzitsidwa ndi njira izi ali ana, adandaula poyera kuti anakakamizidwa kukhala duu, kuyang'ana anthu m'maso, ndi kuleka zizolowezi zimene sizinali kupweteka munthu ali yense. Madandaulo amenewa akambidwa kwambiri pakati pa akatswiri eni ace. Malamulo a bungwe a khalidwe la pa nchito, amene anayamba mu 2022, afuna kuti katswiri apemphe cilolezo ca makolo kapena osunga munthu, ndiponso, pamene kuli koyenera, aone ngati mwini wace wothandizidwayo abvomera. Cotero woyang'anira wabwino saphunzitsa manja okha. Aphunzitsanso wophunzira kufunsa asanayambe kanthu: kodi kusintha khalidwe ili kupindulira mwana, kapena kungopeputsa nchito ya akulu?

MAYESO, NDI ZIMENE ZITIKHUDZA IFE

Maora akakwana ndipo zikalata zalandiridwa, wophunzira alemba mayeso a mafunso 185 m'maora 4. Akapambana sanafike popumula, pakuti zaka ziwiri ziri zonse ayenera kuonetsa maora 32 a maphunziro oonjezera kuti setifiketi isafe. M'madera ambiri a Amereka afunikanso laisensi ya boma la deralo.

Bungwe linalengeza kuti kwa opempha setifiketi kuyambira pa 1 January 2027 zina zisinthika. Malire a pamwamba a mwezi akhala maora 160. Gawo la woyang'anira pa njira yaifupi likhala 7.5 pa 100. Ndipo kupenya wophunzira ali pa nchito kuwerengedwa ndi mphindi, 60 pa mwezi pa njira yaitali ndi 90 pa njira yaifupi. Maora 2,000 ndi 1,500 akhala momwemo.

Tsono mau ocenjeza kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwakopeka ndi nchitoyi. Mu 2019 bungwe la BACB linalengeza kuti kuyambira pa 1 January 2023 silidzalandiranso mapempho atsopano a anthu okhala m'maiko ambiri a kunja kwa Amereka, ndipo Zambia ali pakati pa maiko amenewo. Cotero wina akakulonjezani pa intaneti kuti mukamlipira adzakusainirani maora a BCBA muli konkuno, gwirani ndalama zanu. Alipo mabungwe ena, monga IBAO ndi QABA, amene alandira anthu a maiko ambiri, ndipo naonso afuna maora oyang'aniridwa. Musanalipire kanthu, werengani malamulo a bungwe leni-lenilo, ndipo funsani ngati olemba anchito kumene mufuna kukagwira aizindikira setifiketiyo.

Kwa inu makolo amene muli ndi mwana wofuna cithandizo cotere, nkhani iyi ikupatsani mafunso oyenera kufunsa munthu ali yense wobwera ndi kunena kuti adziwa kukonza khalidwe la mwana wanu. Mufunseni kumene anaphunzira. Mufunseni amene anamuona ali pa nchito, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Mufunseni amene amyang'anira tsopano, ndi kumene mungakadandaule zinthu zikalakwika. Mpempheni akuonetseni zimene alemba, ndipo akuloleni kukhalapo pamene aphunzitsa mwana. Wodziwa nchito sakwiya ndi mafunso otere, pakuti anazolowera kugwira nchito maso a wina ali pa iye.